Ada, Ndatama

Mukachoka pa Chintheche kulowera ku Nkhata Bay, musanapite patali, pali mphambano ya msewu wafumbi wokwera kumtunda. Pamphambanopo pali chikwangwani chachikulu cha sukulu ya sekondale ya Angilikani, ndipo pachikwangwanipo pali chithunzi cha kamtsikana kovala yunifolomu, katagwada kutsogolo kwa guwa, maso katatseka, manja onse awiri katagwira kampanda ka paguwapo. Anthu a m'minibasi amakonda kukayamikira. Kamtsikana kameneko ndi mng'ono wanga, wobadwa naye bere limodzi, ndipo tsiku limenelo sankapemphera.

Kwathu n'kufupi ndi Bandawe. Bambo anga ndi msodzi, ndipo kubanja kwathu tonse timapemphera mpingo wina uja wa pa Bandawepo, wosafukiza lubani, woti mukalowa mumakhala pansi n'kumvera. Nditasankhidwa kupita kusukulu ya Angilikani, bambo anandigulira sutukesi ndi ndowa, n'kundilangiza kuti ndikagwade pamene anzanga akugwada, ndikaime pamene akuima, koma mutu wanga ndikabwere nawo. Ndinakagwadadi. Tinkagwada m'mawa tisanamwe phala, tinkagwada belu la masana likalira, tinkagwadanso madzulo, mpaka mawondo athu anada ngati a mbuzi. Nyemba zinali zofumbwa, madzi a pampopi ankabwera akafuna, koma lubani sanasowepo ngakhale Lamulungu limodzi.

Sindinama, kuphunzira tinaphunzira. Chingerezi chimene ndikudyera lero, polandira alendo pa loji ina ya kunyanja kuno, ndinachitenga kumeneko. Maulendo a mtumwi Paulo ndinkawadziwa kuposa njira ya ku Limphasa. Pa phunziro la ulimi tinadzaza makope ndi za chimanga ndi fodya, ife odya kondowole, nsima ya chinangwa, ndipo chinangwa chathu anachipatsa theka la tsamba. Pa Bayoloje tinajambula udzudzu, miyendo yake ndi mlomo wake, ndi ulendo wonse wa kachilombo ka malungo kuchoka m'malovu a udzudzu mpaka m'chiwindi cha munthu, ndipo zizindikiro za malungo oopsa tinaziloweza ngati pemphero la Atate Wathu. Mphunzitsi wa Chichewa, wochokera ku Ntchisi, akafuna kupuma ankatiimiritsa mmodzimmodzi kuti titchule liwu loti madzi. Lilime likaterereka n'kunena maji, monga timanenera kwathu, iye ankaseka mpaka kugwira tebulo.

Chitonga chinali choletsedwa. M'kalasi Chingerezi, m'tchalitchi ndi Loweruka Chichewa, ndipo chilankhulo cha amayi athu ankati tizichisiya pageti. Wogwidwa akuchilankhula ankavekedwa chigoba cha nkhono chomangidwa pachingwe. Ukachivala, ntchito yako inali yotchera khutu kuti upeze wina womuveka, chifukwa amene chamupeza Lachisanu ankatchetcha udzu kubwalo la mpira dzuwa likuswa mtengo. Mwa njira imeneyi sukulu ya Mulungu inatiphunzitsa ukazitape bwino kuposa masamu. Ana ambiri tinali Atonga. Aphunzitsi ambiri anali ochokera pakati ndi kumwera, ndipo ena anakhala nafe zaka zambirimbiri osadziwa liwu lathu lililonse kupatula yewo, zikomo wa kwathu, ndi mayina a nsomba.

Ndili Fomu 3 kunabwera chinthu chatsopano. Parishi ina ya ku Mangalande inachita ubale ndi sukulu yathu, ndipo inafuna kudziwa ngati ana akusamalidwa bwino m'thupi ndi mumtima. Akuluakulu sanachedwe. Anatulutsa makasu ndi zikwanje m'kachipinda kosungira zida, anapakamo laimu, n'kukatcha ofesi ya welofeya. Anaikamo bedi limodzi lansalu zoyera ndi neti yatsopano, kabati yamankhwala yokiya, ndi chipepala chachikulu cha nkhope zojambula, ina yoseka, ina yokwiya, ina yolira. Pabedipo sankalola munthu kugonapo, ankati nsalu zingade.

Woyang'anira ofesiyo anali mayi wina wamagalasi wochokera kumwera, amene ankatiphunzitsanso Layifi Sikiluzi. Tinkangowatcha mayi a Welofeya. M'kalasi ankatiuza kuti mtsikana wamakono azilankhula zakukhosi mosaopa, azitha kunena kuti ayi, ndipo ife tinkalemba zimenezi m'makope n'kukhoza mayeso. Koma ukapita nazo zakukhosizo ku ofesi yawo, unkapeza kuti matenda onse a padziko lapansi alipo awiri okha. Mnyamata akadwala ndi ulesi, mtsikana akadwala ndi mimba. Ukalowa utagwira mutu, funso loyamba linali loti kumwezi unapita liti. Kenako ankakulozera chipepala chija kuti usankhe nkhope yofanana ndi mmene ukumvera. Ukasankha yolira, ankakulangiza kuti uyesetse kufika pa yoseka pofika mawa, n'kukupatsa panado. Pasi yopitira kuchipatala ankalemba ndi iwo okha, ndipo ankaiumira ngati mchere wa m'nyumba mwawo.

Mng'ono wanga anabwera ine ndili Fomu 4. Anali mwana wamasamu, woti kupulayimale aphunzitsi ankamutenga kukachititsa manyazi akuluakulu a kalasi ya patsogolo. Chingerezi chokha chinkamulemera pakamwa, ndipo Chichewa chake ana ochokera ku Lilongwe ankachiseka. Mwezi woyamba chigoba sichinkachoka m'khosi mwake. Atatchetcha udzu mpaka m'manja kutuluka matuza, anapeza njira yake, anangosiya kulankhula. Mwana amene kunyumba amayi ankachita kumuletsa kulongolola anangokhala duu. Aphunzitsi anamukonda nazo, mpaka anamutchula pa asembule kuti ndiye chitsanzo cha ulemu.

Pakamwa pake pankatseguka malo amodzi okha, kuseri kwa zimbudzi za atsikana, kumene mapulifeketi sankakhalitsa chifukwa cha fungo. Kumeneko tinkakumana titagwira mphuno, ndipo ankandikhuthulira zonse za tsikulo m'Chitonga, mothamanga, akuseka, akutsanzira kayendedwe ka a hedi. Ankandiuza kuti masamu a Fomu 1 ndi a ana, anayamba kale kusuzumira buku la Fomu 2. Ankafuna kudzakhala woyeza malo, chifukwa anaonapo mayi wina atavala chipewa akuyeza msewu ndi makina a miyendo itatu, amuna akumunyamulira ndodo.

Teremu yachiwiri, mvula ili pakati, tinamva kuti abale athu a ku Mangalande akubwera kudzaona ofesi yawo. Maphunziro anaima. Tinapaka laimu miyala yonse ya m'mbali mwa njira, ndi mitengo yomwe mpaka m'chiuno. Tinayeserera kuimba, kuguba ndi kumwetulira. Mayi a Welofeya anatiphunzitsa chiganizo cha Chingerezi choyankha mlendo akatifunsa, chonena kuti timasamalidwa bwino kwambiri, ndipo tinkachibwereza pamodzi ngati katekisimu. Maneti athu akale, obowoka koma othandizabe, anawatsitsa onse kuti ndi onyansa, n'kutiuza kuti atsopano adzapachikidwa alendo akayandikira, kuti asade. Ndiye alendowo anasintha tsiku. Tinagona choncho masabata angapo, maneti atsopano ali m'makatoni mu ofesi ya a hedi, ndipo udzudzu wa kunyanja kuno sudikira kuitanidwa.

Lachinayi la sabata ya alendo ndinamupeza mng'ono wanga atakhala padzuwa kuseri kwa hositelo, atavala juzi, akunjenjemera. Ndinamugwira pamphumi, ndipo sindinafunikire Bayoloje kuti ndidziwe. Ndinapita naye kwa mayi a Welofeya. Anamufunsa za kumwezi, mwana woti sanathe msinkhu n'komwe. Anamulozera nkhope zija, iye analoza yolira. Ndinapempha pasi, ndipo mayiwo anati sabata ino palibe wotuluka, a hedi alamula kuti alendo apeze mabenchi odzaza. Anawonjezera kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, Lolemba tidzaona. Anamupatsa panado. Ndinabwereranso Lachisanu, anamupatsanso panado. Loweruka sananditsegulire n'komwe, anali kalikiliki kusita nsalu za bedi lija.

Lamulungu alendo anafika, azungu okalamba aulemu wawo, atapsa ndi dzuwa m'makosi. Sindiwaimba mlandu waukulu, anaona zimene anaonetsedwa. Misa inali yaitali. Wansembe wathu anali watsopano, nayenso wa kumwera, munthu wa mawu okoma amene ankadzimvetsera yekha akamalalikira. Lubani wa tsiku limenelo anali wa mwezi wathunthu, moti athanzi omwe tinkatsokomola. Ine ndinali kumbuyo ndi a Fomu 4, maso anga ali pa mutu wa mng'ono wanga kutsogolo, umene unkangopendekera mbali imodzi.

Pa nthawi ya Mgonero, ife a mipingo ina ndi ana osasanjikidwa manja tinkapitanso kutsogolo, kukagwada pakampanda ka paguwa kuti wansembe atidalitse. A Fomu 1 anapita pamzere wawo, anagwada, anadalitsidwa, ananyamuka. Mng'ono wanga sananyamuke. Anagwira kampandako ndi manja onse awiri, maso atatseka, thukuta likuyenderera m'masaya. Wansembe anaweramira kwa iye, ndipo mwana amene anakhala miyezi osatsegula pakamwa pagulu analankhula mawu omveka tchalitchi chonse.

"Ada, ndatama."

Kwa amene sadziwa, m'Chitonga ada ndi bambo, ndipo kutama ndi kudwala. Kwathu ngakhale mwana woyamba kumene kuyenda amadziwa zimenezi. Mng'ono wanga anati bambo, ndadwala. Chingerezi ndi Chichewa zinali zitamuthawa m'mutu, kunangotsala chilankhulo chimene ankalirira ali kumsana kwa amayi. Koma wansembe anamva ndi makutu a kwawo, kumene kutama ndi kutamanda. Nkhope yake inawala. Anakweza manja, anatembenukira kwa alendo, n'kuwauza m'Chingerezi chosalala kuti aone kamwana aka, Mzimu wakagwira, kakukana kuchoka paguwa, kakuti Atate ndakutamani. Mayi wina wachizungu anapukuta misozi, anatulutsa foni n'kujambula. Wotsogolera kwaya, posafuna kutsalira, anayambitsa nyimbo yachitamando, ndipo ng'oma ndi visekese zinagundika.

M'tchalitchimo ana ambiri anamva bwinobwino zimene zinanenedwa. Ena anagwira pakamwa kubisa phwete, ambiri anayang'ana pansi, chifukwa kuvomera kuti wamva kunali kudziitanira chigoba. Anawo ndimawamvetsa. Amene sindimumvetsa mpaka lero ndi mphunzitsi wathu wa Jogalafe, Mtonga mnzathu wobadwira pafupi ndi kwathu, woti bambo ake ndi agogo anga ankakoka khoka limodzi. Anakhala pabenchi ya kutsogolo, pafupi moti akanatha kumugwira mwanayo paphewa osanyamuka. Anamva. Ndinamuona akuyang'ana nsapato zake zopolisha, kenako anayamba kuwomba m'manja motsatira nyimbo. Chaka chimenecho ankayembekezera mpando wa wachiwiri kwa a hedi, ndipo anaupezadi.

Ndinadutsa pakati pa mabenchi ndikukuwa m'Chichewa kuti mwanayo akudwala, koma mawu anga anamira m'ng'oma. Mapulifeketi anandigwira mikono n'kunditulutsira kukhomo la m'mbali. Mayi a Welofeya ananditsatira, akumwetulirabe chifukwa alendo ankatha kuwaona pawindo. Panja anandiuza kuti nsanje ndi tchimo, kuti mng'ono wanga Mulungu wamukomera mtima pamaso pa anthu ndipo ine ndikufuna kumulanda ulemu. Ndinayamba kuwafotokozera tanthauzo la mawu aja. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iwe undiphunzitse ine Chichewa? Kutama ndinakudziwa iwe usanabadwe."

"Si Chichewa, madamu. Ndi Chitonga. Akuti wadwala."

"Ndiye ukundiuza kuti mng'ono wako walankhula Chitonga paguwa, pamaso pa alendo?"

Ndinaona kumene ankandikokera. Mawuwo akakhala a Chichewa, mwanayo ndi woyera mtima ndipo dokotala alibe naye ntchito. Akakhala a Chitonga, ndi wolakwa, ndipo wolakwa sapatsidwa pasi. Ndinapsa mtima. Ndinawayankha m'Chitonga chenicheni cha kunyanja, chimene asodzi amalankhula ukonde ukang'ambika. Sanamve ngakhale liwu limodzi, koma chilankhulo chake anachizindikira. Anatuma pulifeketi, chigoba chinabwera, ndipo anandiveka okha ndi manja awo, mofatsa, akumwetulirabe chakuwindo.

Misa itatha mng'ono wanga anachita kumunyamula. Anamugoneka pabedi loyera lija, munthu woyamba kuligonera, n'kumutsitsira neti yatsopano masana dzuwa lili paliwombo. Alendo anadutsa mmodzimmodzi kudzaona mmene sukulu yathu imasamalira ana. Ine ndinaima pakhomo, pulifeketi atanditchingira, koma zonse ndinkamva. Bambo wina mwa alendowo anamugwira dzanja n'kunena kuti akutentha kwambiri. Mayi a Welofeya anayankha kuti ndi kutentha kwa m'tchalitchi komanso kutengeka mtima, ndipo asadandaule, zonse zili m'manja mwawo. Bamboyo anagwedeza mutu mokhutira. Kenako onse anakwera galimoto ya sukulu, yokhayo imene inalipo, kupita kukadya chambo kuloji. A hedi, wansembe ndi mayi a Welofeya anapita nawo, kiyi wa kabati yamankhwala ali m'chikwama.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anzanga atapita kukaima pamzere wa nyemba, ndinalowa mu ofesimo n'kumuitana dzina. Sanandiyankhe. Maso anali otsegula koma sankandiona. Ndinasolola nsalu yoyera ya pabedipo n'kumubereka nayo. Pageti sindinadzere. Ndinadutsa kuseri kwa zimbudzi kwathu kuja, pamene mpanda unagwa kalekale, n'kutsetsereka m'minda ya chinangwa kulunjika kumsewu waukulu. Anali atakula, mapazi ake ankandimenya kuseri kwa mawondo, ndipo kutentha kwake kunkandipyoza yunifolomu. Chigoba chinkandigunda pachifuwa njira yonse, sindinakumbuke n'komwe kuchivula.

Minibasi yoyamba inali yodzaza, koma inaima. Kondakitala anafunsa kuti zatani, ine ndinangoti watama. Mayi wina amene anali ndi dengu la usipa anatsika pomwepo kutisiyira malo, wina anavula chitenje n'kuchinyowetsa ndi madzi a m'botolo. Dalaivala sanaimenso pena paliponse. Tisanafike pa Chintheche mwanayo anayamba kuuma thupi ndi kugwedezeka, maso atatembenuka, ndipo ndinamugwira mutu ndikutchula mumtima zizindikiro zija tinaloweza pa Bayoloje. Zonse zinalipo. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Kuchipatala anamulandira mwachangu, anamubaya, anamuika diripi, ndipo tsiku lomwelo anatitumiza kuboma pa ambulansi. Anati ndi malungo okwera kumutu. Namwino wina anandifunsa kuti tinali kuti masiku onsewa. Amayi anafika m'mawa mwake, atamva kwa mayi wa usipa uja, amene anali wa mudzi woyandikana ndi wathu. Anakhala pansi pafupi ndi bedi masiku onse amene mwana wawo sankadziwa kanthu. Atatsitsimuka tinasangalala, amayi anaimba, ine ndinalira. Ndiye tsiku lina amayi anamuitana ali kumbuyo kwake, atanyamula phala. Sanatembenuke. Anamuitananso mokweza, mpaka odwala a mabedi ena anacheuka, koma iye ankangoyang'ana pawindo. Khutu lakumanja linafa kotheratu, lakumanzere linatsala ndi kamphamvu pang'ono.

Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita kusukulu. Anawalandira ndi tiyi wamkaka. A hedi anati sukulu yonse inamupempherera mwanayo pa asembule, n'chifukwa chake ali moyo. Wansembe, amene pofika nthawiyo wina anali atamunong'oneza tanthauzo la mawu aja, sanachite manyazi ayi. Anati Mulungu amamva zilankhulo zonse, ndipo angadziwe ndani, mwina mwanayo ananena zonse ziwiri. Lamulungu lotsatira analalikira pa mutu womwewo, ndipo akuti unali ulaliki wokoma. Mayi a Welofeya anati vuto la ana a kuno ndi kusalankhula, akanangonena momveka bwino kuti akudwala. Bambo anamwa tiyi wawo, anati yewo, anatuluka, ndipo sanadzapondenso pasukulupo. Anabwera ndi uthenga woti ine ndaimitsidwa sukulu masabata angapo chifukwa chotuluka popanda pasi komanso kutenga nsalu ya ofesi.

Mayeso a Fomu 4 ndinalemba, ndinakhoza, ndipo dzina langa analiwerenga pa asembule ngati chipatso cha sukulu. Mng'ono wanga anabwerera teremu yotsatira, chifukwa masamu ankawafunabe ndipo chipewa cha woyeza malo chinali chisanamuchoke mumtima. Anamukhazika kutsogolo masiku oyambirira, kenako anaiwala. Aphunzitsi ankalankhula atayang'ana kubolodi, iye osaona milomo yawo. Akamuitana osayankha ankati wayamba mwano, akudzimva chifukwa cha chithunzi. Pakuti chithunzi chija chinali chitafika kuchokera ku Mangalande, chili m'felemu, ndipo anachipachika mu ofesi ya welofeya pamwamba pa nkhope yoseka. Ali pakati pa Fomu 2 anabwera kunyumba ndi sutukesi yake, n'kuuza amayi kuti watopa ndi kuyang'ana pakamwa pa anthu amene samuyang'ana.

Lero amagulitsa mpunga pamsika wa Chintheche. Amakapikula ku Limphasa, ndipo palibe amene angamubere pasikelo, amamaliza kuwerengera m'mutu wogula asanatulutse foni. Ali pabanja, ali ndi ana awiri. Amalankhula mokweza, monga amachitira anthu osadzimva, ndipo amalankhula Chitonga chokhachokha, kaya ndiwe wa ku Blantyre kaya ndiwe mzungu, uona wekha chochita. Za sukuluyo sanena kanthu. Wonena ndine, paliponse, moti amuna anga amandiuza kuti zakale ndizisiye. Sindizisiya. Anthu aja amandinyansa mpaka lero, makamaka ndikamva kuti mayi a Welofeya anakwezedwa, ndipo masiku ano amayenda m'misonkhano kuphunzitsa anzawo kasamalidwe ka ana.

Chikwangwani anachiika tonse titachoka, ndipo palibe amene anatifunsa. Ndinapita kusukuluko kamodzi kukapempha kuti achotse chithunzicho, ndinakapeza mphunzitsi wa Jogalafe uja ndiye hedi tsopano. Anandilandira m'Chingerezi. Anati chithunzicho ndi mbiri ya sukulu, makolo amachikonda, komanso nkhope ya mwanayo siidziwika kwenikweni. Ndinamufunsa m'Chitonga ngati waiwala zimene mwanayo ananena paguwa paja. Anayang'ana nsapato zake, zinali zopolisha ngati kale, n'kundiuza kuti ali ndi msonkhano. Chigoba akuti anachithetsa, masiku ano mapulifeketi amangolemba mayina. Chaka chatha chikwangwanicho anachipentanso, n'kuwonjezera pansi pake mawu a Chingerezi onena kuti pano mwana aliyense amamvedwa.

Mwezi watha ndinamuperekeza mng'ono wanga ku Limphasa, chifukwa matumba anali ambiri. Pobwerera minibasi inaima pamphambano paja kutsitsa munthu. Pafupi nane panakhala mayi wina wovala bwino, wa Chichewa cha ku Lilongwe, amene anandiuza kuti watumizidwa kumene kudzagwira ntchito kuboma ndipo akufunira mwana wake malo a Fomu 1. Anayang'ana chikwangwanicho nthawi yaitali. Anati kamwanako kamugwira mtima, ana a masiku ano sapemphera choncho, ndipo mawu a pansiwo anawawerenga mokweza. Kenako anandifunsa ngati sukuluyo ndikuidziwa, ngati ndi zoona kuti ana amawasamala.

Mng'ono wanga anali pawindo, akuyang'ana kwina, thumba la mpunga lili pamiyendo. Sanamve kalikonse. Ndinamugwira bondo kuti atembenuke, monga timachitira kunyumba.

"Afunseni awa, mayi," ndinatero. "Ndi omwewa ali pachithunzipo. Koma mudzere mbali yakumanzere, ndipo mukweze mawu."